Mkazi wa Rip timutche ndani pa nsanja?

Nabanda, Santhe: Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndabwera ndi vuto la kalabu yanga ya zisudzo. Tikukonza sewero loti tidzaonetse makolo tsiku lotsekera teremu, ndipo tasankha nkhani ya Rip Van Winkle, imene Washington Irving anaitulutsa mu 1819, kuti tiisewere m'Chichewa. Ambiri mukuidziwa: bambo waulesi wa m'mudzi wa m'tsinde mwa mapiri a Catskill ku New York, amene anakwera phiri ndi mfuti ndi galu wake, n'kumwa mowa wa anthu osawadziwa, n'kugona zaka 20. Zina zonse zikuyenda, koma mawu amodzi andiimitsa. Mlembi amamutcha mkazi wa Rip kuti termagant. Ana atafunsa tanthauzo ndinawauza kuti ndi mkazi wolongolola. Anyamata anaseka n'kuyamba kulozerana atsikana. Dzulo mtsikana amene ndinamupatsa mbali imeneyi wabwera kudzaikana, akuti safuna dzinali limumatirire mpaka adzalembe Fomu 4. Ndi mwana amene amatha kusewera kuposa onse, ndipo zandipweteka. Ndithandizeni, kodi ndamasulira molakwika? Nanga pa nsanja ndigwiritse mawu ati?

Gama, Chamama: Madamu, simunalakwe. Wolongolola ndi mawu ake enieni, ndipo makolo adzawamva msanga chifukwa ali m'Baibulo. Onani Miyambo 21:9 pamene akuti kuli bwino kukhala pa ngodya ya denga kusiyana ndi kukhala m'nyumba limodzi ndi mkazi wotere, komanso Miyambo 27:15 pamene amamufanizira ndi kudontha kwa nyumba tsiku la mvula. Mwanayo mungomulangiza kuti sewero ndi sewero. Akakanitsitsa mupatseni wina.

Mayi Mwale, Nkhamenya: A Gama, musafulumire kumusiya mwanayo, wamva chinthu chimene ife akuluakulu tachizolowera. Ine ndaphunzitsa Chichewa zaka zambiri, ndipo ndikuti tiyambe tawasiyanitsa mawu athuwa, chifukwa sali amodzi.

Kulongolola ndi kubwereza nkhani imodzimodzi osalekeza, m'mawa, masana, usiku, mpaka womverayo makutu kuwawa. Sikufuna mawu okweza ayi, munthu atha kulongolola akutsuka mbale, osayang'ana n'komwe amene akumunena. Kulalata ndiko kokweza mawu, koti a nyumba yachitatu amve. Kuzazira kumachokera pamwamba kupita pansi, monga kholo kwa mwana kapena kapitawo kwa waganyu. Wamakani ndi amene salola kugonja pa mkangano ngakhale zitaonekeratu. Wamtopola ndi amene amayamba dala. Wandewu ndiye wofika pogwirana. Tsono taonani bwino: mwa mawu onsewa palibe ngakhale amodzi amene ali a akazi okha. Bambo woledzera amalongolola. Agogo aamuna amalongolola za mbuzi zolowa m'dimba. Kuti anene za mkazi, Mchewa amayenera kuwonjezera yekha mawu akuti mkazi kutsogoloko. Chingerezi ndiye chili ndi mayina opangiratu, oti ukangowatchula aliyense wadziwa kuti ukunena mkazi. Nchifukwa chake mukuvutika, Madamu. Mukufuna dzina limene chilankhulo chathu sichinaumbe.

Che Saidi, Kasungu boma: Zikomo Mayi Mwale. Ndiwonjezepo za kumene mawuwa anachokera, chifukwa ine ndinadabwa nditawafufuza koyamba, ndipo amandikhudza.

Poyamba Termagant silinali dzina la mkazi. Linali dzina la mulungu wongopeka. Akhristu a ku Ulaya a nthawi ya nkhondo zolimbirana Jerusalem ankafalitsa bodza lakuti Asilamu amapembedza mafano, ndipo limodzi mwa mafanowo ankalitcha Tervagant kapena Termagant. Mu ndakatulo yaitali ya Chifalansa yotchedwa Chanson de Roland, ya cha m'ma 1100, Asilamu akuonetsedwa akupembedza milungu itatu, Tervagan ali m'gulumo. Aliyense amene anakhalapo ndi Msilamu akudziwa kuti chiphunzitso choyambirira cha Chisilamu ndi chakuti Mulungu ndi mmodzi ndipo fano n'loletsedwa. Dzina limeneli mulibe m'Qur'an. Analipanga ndi anthu amene sankawadziwa amene ankawanenawo.

Kuchoka apo dzinali linalowa m'Chingerezi monga la chimunthu chaukali, chobangula, chosalankhulika nacho. Mlembi wakale wa Chingerezi, Chaucer, ali ndi chimphona chimene chikulumbira pa dzina la Termagaunt. Pofika nthawi ya Shakespeare linali likunenabe za amuna. Mu Hamlet, gawo lachitatu, pamene Hamlet akulangiza anthu a zisudzo, akuti wosewera wokuwa mopyola muyeso ngoyenera kukwapulidwa chifukwa choposa Termagant, ndipo pomwepo akutchulanso Herode, amene m'masewero akale a nkhani za m'Baibulo ankamuonetsa akulusa ndi kuzaza. Mu sewero loyamba mwa awiri a Henry IV, munthu wina wotchedwa Falstaff akugwiritsa mawu omwewa ponena za Douglas, msilikali wa ku Scotland, mwamuna wa lupanga m'manja. M'kati mwa zaka za m'ma 1600 m'pamene mawuwa anayamba kutsamira kwa akazi, mpaka tanthauzo lakalelo kuiwalika. Ena amafotokoza kuti chinachititsa ndi mkanjo wautali umene akuti ankamuveka wosewera Termagant pa nsanja, woti oonera ankauona ngati chovala cha mkazi.

Ndiye pofika 1819, Irving akulemba, mawuwa anali atanyoza kale anthu a chipembedzo china, kenako n'kusamukira pa akazi. Pempho langa n'lakuti mukamafotokoza m'kalasi munene poyera kuti linali bodza. Muli ndi ana achisilamu m'makalasimo, ndipo mwana wa Fomu 2 akangomva theka la nkhani, mawa adzamutcha mnzake Termagant pa bwalo la mpira.

Nabanda, Santhe: Che Saidi, izi sindinkazidziwa n'komwe. Ndili nawo atatu m'kalabumo. Ndiye kuti munthu woyamba kutchedwa dzinali anali mwamuna wokuwa pa nsanja?

Che Saidi, Kasungu boma: M'Chingerezi linayamba kunena za amuna aukali, Madamu. Ndipo zikukuthandizani pa kamasuliridwe. Mumtima mwa mawuwa muli phokoso ndi ukali woopseza, woti amuna akuluakulu athawe. Pa mndandanda wa Mayi Mwale, ali pafupi ndi kulalata kusiyana ndi kulongolola.

Jere, Mtunthama: Bwanji osangotenga njira ya mawu ena aja akuti shrew? Poyamba ndi dzina la kanyama, kaja kakamlomo kosongoka konga mbewa, kathu kuno timati swiswiri. Angerezi akale ankakhulupirira kuti kakaluma kali ndi ululu, n'kuyamba kutcha munthu woipa mtima dzina lomwelo, amuna ndi akazi omwe, kenako linatsalira akazi monga mu sewero la Shakespeare lija la Katherina ndi Petruchio, The Taming of the Shrew. Mutha kumutcha mkaziyo Naswiswiri.

Mayi Mwale, Nkhamenya: Ayi a Jere, pamenepo tikhala tikupanga chitonzo chatsopano n'kuchipereka kwa ana ndi manja athu. Kwathu kuno swiswiri sakhudzana ndi pakamwa pa munthu, oonera sadzamva kanthu, koma anyamata aja adzalitola dzinalo tsiku lomwelo. Mwaona nokha kuti mawu onse awiri anayenda ulendo umodzi, kuyamba ndi aliyense n'kuthera pa mkazi. Ife tisawathandize kuyenda ulendo womwewo m'Chichewa.

Phiri, Kamwendo: Ndalowa mochedwa, ndinali ku maliro. Ndawerenga zonse. Ine ndikuona kuti vuto lalikulu si mawu, ndi anthu amene adzakhale pa mabenchiwo. Madamu, ku Santhe kwanuko ndi kwa Achewa ngati kuno, ndipo ambiri mwa makolowo chikamwini akuchidziwa. Tawerenganinso mmene Irving akumufotokozera Rip. Amathandiza aliyense m'mudzi, kumanga mipanda ya anthu, kutumidwa ndi akazi a eni, kupangira ana zoseweretsa, koma munda wake womwe ndi woipitsitsa m'dera lonse, mipanda yagwa, ng'ombe ikulowa m'mbewu, ana ake akuyenda ndi nsanza. Tsiku lonse amakhala pa benchi pa khomo la nyumba ya alendo kukamba nkhani zopanda mutu ndi anzake. Munthu ameneyu mumuike m'mudzi wa kuno ngati mkamwini. Mvula yagwa, anzake akubzala, iye ali pa bawo. Fodya wa eni akuthandiza kusoka, chigafa chake chilibe denga. Kodi amayi amene adzaonere seweroli adzati wolakwa ndani? Kuno nkhani yotere siifika n'komwe pa zaka 20. Mkazi amakadandaula kwa ankhoswe, akakhala pansi kawiri katatu osasintha, mwini mbumba amamuuza mkamwiniyo kuti anyamule zake. Mayi amene akulankhula chifukwa nkhokwe ilibe kanthu sitimutcha wolongolola, timati akulera ana.

Ndiye mukamuika wofotokoza nkhani patsogolo n'kulengeza kuti uyu ndi mkazi wolongolola, theka la oonera lidzakana mumtima, ndipo sewero lidzafera pomwepo.

Tembo, Chatoloma: A Phiri, kumbukirani kuti si Kasungu yense wa chikamwini. Kuno kumpoto ambiri amalowola, mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, ndipo alibe abale pafupi oti amuimire. Koma mfundo yanu ikukhalabe, mwinanso kuposa. Mkazi wa kuchilendo amene alibe kokadandaula, chimene watsala nacho ndi pakamwa pokha.

Gama, Chamama: Ndikumva zonsezi, koma ndili ndi nkhawa ngati mphunzitsi wa Chingerezi. Tikayamba kukonza nkhani za eni kuti zigwirizane ndi mmene ife tikuonera, ana adzaphunzira chiyani za mlembiyo? Irving ali kumbali ya Rip, zimenezo n'zosabisika. Amanena kuti mkazi wotere ndi dalitso ndithu chifukwa amaphunzitsa mwamuna kupirira, ndiponso kuti lilime lakuthwa ndi chida chokhacho chimene chimanoleka pochigwiritsa ntchito. Mwana ayenera kudziwa kuti mu 1819 anthu ankalemba choncho ndipo owerenga ankaseka. Tikachotsa zimenezi tawanamiza.

Mayi Mwale, Nkhamenya: Apa a Gama mwanena zoona, ndipo sindikuti tichotse. Ana adziwe. Adziwenso kuti sizinali zoseka zokha. Ku England kunali mlandu weniweni m'malamulo wa munthu wosowetsa mtendere ndi pakamwa, ankautcha common scold, ndipo amene ankagwidwa nawo ambiri anali akazi. Chilango china chinali kumumangirira pa mpando n'kumumiza m'madzi anthu akuonerera. China chinali chitsulo chovala kumutu chokhala ndi kachitsulo kolowa m'kamwa kupanikiza lilime, chimene chinalembedwa koyamba ku Scotland mu 1567. Mlanduwo unafafanizidwa m'malamulo a England mu 1967, ife tili kale pa ufulu. Ndiye mwana akamva mawu akuti termagant kapena shrew adziwe kuti kumbuyo kwake kunali zitsulo. Funso langa n'lakuti mawuwo atuluke pakamwa pa ndani pa nsanjapo.

Che Saidi, Kasungu boma: Yankho lili m'buku momwemo. Irving sanaikambe nkhaniyi ngati iye mwini. Anati inapezeka m'mapepala a nkhalamba ina yotchedwa Diedrich Knickerbocker, munthu wongopeka, wokonda kutola nkhani zakale kwa anthu a m'midzi. Ndipo kumapeto tikumva kuti Rip mwini ndiye ankaikamba nkhani yake kwa mlendo aliyense wofika pa benchi paja. Tsono amene akumutcha mayiyu termagant ndi amuna a pa benchi. A Gama, tikamupanga wofotokoza nkhani kukhala mmodzi wa amuna a pa bawo, sitinasinthe kanthu, tangoonetsa chimene mlembi anachita kale.

Gama, Chamama: Pamenepo ndavomera. Bola mawuwo amveke, asabisidwe.

Nabanda, Santhe: Mwanditsegula maso. Ndabwerera ku nkhaniyo usiku uno ndipo ndaona china. Mayiyu alibe dzina lake, amangoti Dame Van Winkle, pamene galu ali nalo, Wolf. Ndiponso nkhani yonse timangouzidwa kuti ankalankhula usana ndi usiku, koma zimene ankanenazo sitizimva. Pa nsanja sizingatheke, ayenera kutsegula pakamwa, ndiye mawu ake ndiyenera kulemba ndine. M'kope yanga yoyamba ndinangomulembera zotukwana, "chitsiru iwe, mbuzi iwe," chifukwa ndinkatsatira dzina lija. N'kutheka kuti n'zimene mwana uja anakana. Ndamupatsa dzina lakuti Nambewe ndipo ndayesa kulembanso chonchi, tandiuzeni:

NAMBEWE: Bambo a Judith, dzuwa lafika apa muli pa bawo. Mbewu ndinaviika dzulo, mizere sinathe. Kwa a Chisale mwakafolera nyumba, kwa a Zimba mwakakonza khola, zikomo akupatsani, nanga zikomoyo ndiphike? Mwana wanu wavala kabudula wanu wakale, akumugwira ndi dzanja kuti asagwe. Ndikalankhula mukuti ndalongolola. Ndikhale chete kuti amve ndani?

Ndiye amuna a pa bawo, iye atachoka, mmodzi anene kuti, "Koma achimwene muli pa moto, mkazi wolalata chotere ine sindingagone naye nyumba imodzi."

Phiri, Kamwendo: Izi ndiye zamoyo. Za kabudula zija zili m'buku, mwachita bwino kuzisunga. Koma musamuyeretse kwambiri mayiyo. M'nkhanimo amafika pa benchi paja n'kuwanyoza amuna onse, ngakhale mwini nyumba ya alendo, Nicholas Vedder, amene mudzi wonse unkamulemekeza, amamulalatira kuti ndiye akulimbikitsa ulesi wa mwamuna wake. Galu akangoona chogwirira tsache amathawa. Zimenezo zikhalepo. Akhale waukali ndithu, wolakwitsa nthawi zina, wokalipira ndi galu yemwe wosalakwa. Oonera aone okha kuti ukaliwo wachokera kuti. Mukamupanga mngelo, abambo adzati aphunzitsi akutinyoza, ndipo nawonso adzatseka makutu.

Mayi Mwale, Nkhamenya: Ndikonzeko pang'ono chilankhulo. Mkazi wa kumudzi wa nthawi imeneyo, ngakhale atakwiya chotani, pagulu sanganene kuti "iwe" kwa mwamuna wake, ndiye mwachita bwino kusunga "mu" ndi "a". Ukali wa Chichewa umapweteka kwambiri ukavala ulemu. Koma "nanga zikomoyo ndiphike" muisunge kumapeto kwa mawu akewo, ndi pamene pali mphamvu, amayi adzaombera m'manja pomwepo. Za "ndikhale chete kuti amve ndani" zibwere patsogolo pake. Komanso amuna a pa bawo asagwiritse mawu amodzi okhaokha. Wina ati wolalata, wina ati wamkamwa, wachikulire ati wolongolola n'kutchula Miyambo ija ya a Gama. Akatero oonera adzaona kuti dzinalo likupangidwa pamaso pawo ndi anthu amene sanagwire khasu tsiku limenelo.

Jere, Mtunthama: Nanga zaka 20 zija muzichita bwanji? M'buku Rip akugona dziko lili pansi pa mfumu George III, akudzuka chikwangwani cha pa nyumba ya alendo chili ndi nkhope ya George Washington. Kwathu kuno atha kugona cha m'ma 1980 n'kudzuka chipani chimodzi chitatha, pambuyo pa referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, iye n'kumafunsabe za khadi la chipani.

Tembo, Chatoloma: N'zokoma a Jere, koma kuno ndi ku Kasungu, kwawo kwa Kamuzu, ndipo ndi tsiku la makolo. Nkhani idzachoka pa banja n'kupita pa ndale, a komiti n'kuyamba kufunsa ahedi. Angodabwa ndi mafoni ndi njinga zamoto za kabaza, n'zokwanira.

Nabanda, Santhe: Nditsatira a Tembo pamenepo. Chatsala chimodzi chimene chikundilemera, imfa ya mayiyu. M'buku mwana wake wamkazi, Judith, akumuuza Rip kuti amayi anamwalira mtsempha wa magazi utaphulika pamene ankakalipira wogulitsa malonda woyendayenda, ndipo mlembi akuti Rip anapezako chitonthozo pa uthengawo. Analemba kuti anthu aseke. Ine sindingathe kuimika ana pamaso pa makolo kuti aseke maliro a mayi. Ena mwa ana anga amayi awo anamwalira.

Gama, Chamama: Apa ngakhale ine sindingakakamire kuseka. Koma musachotse kupepukidwa mtima kwa Rip, chifukwa ndi pamene khalidwe lake likuonekera. Apume mpweya wautali, nkhope imasuke, anzake a pa bawo ayambe kumwetulira. Ndiye Judith amuyang'ane osalankhula.

Mayi Mwale, Nkhamenya: Alankhule pang'ono. Mwana wa Chichewa sangawadzudzule bambo ake pagulu, koma atha kunena zimene zinachitika. Anene modekha kuti, "Anatilera okha, bambo. Munda uja anaulima mpaka chaka chimene anagwa." Basi. Asawonjezere. Mbali iyi mulibe m'buku, ndiye a Gama adzafuna kuti ana auzidwe kuti ndi yathu, ndipo n'zoyenera. Muwapatse ntchito yoyerekeza mathero awiriwo m'kalasi.

Nabanda, Santhe: Ndabweranso patapita masiku atatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Lachiwiri ndinaitana kalabu yonse, ndinawafotokozera mbiri ya mawu aja monga anailembera Che Saidi, kuyambira pa bodza lonamizira Asilamu mpaka pa chitsulo cha m'kamwa. Kunali zii. Mnyamata mmodzi anafunsa kuti nanga mwamuna wolalata Angerezi amamutcha chiyani masiku ano, ndipo ndinawasiya akambirane okha kwa kanthawi. Mtsikana uja ndinamupatsa kope yatsopano kuti akawerenge kunyumba osamukakamiza. Lachitatu anabwera ataloweza kale mbali ya pa bawo, ndipo wapempha kuti pa pepala la atengambali tilembe Nambewe, osati mkazi wa Rip. Ndalemba choncho. Mawu akuti termagant tawasiya kamodzi kokha, pakamwa pa mphunzitsi wa m'mudzimo, Derrick Van Bummel uja wokonda mawu akuluakulu a m'dikishonale, anzake n'kumufunsa kuti akutanthauzanji, ndiye mpamene ayambire kupikisana kutchula a Chichewa aja.

Poyeserera dzulo mnyamata wosewera Rip amaseka yekha Judith akamalankhula, ndiye tikubwerezabe pamenepo. A Phiri, munanena chaka chatha kuti muli ndi ndevu za khonje zimene munagwiritsa pa sewero lanu. Ngati zilipo nditumizireni pa minibasi ya Loweruka, ndidzadikira pa siteji.

Phiri, Kamwendo: Zilipo Madamu, koma zada. Muzichape ndi sopo n'kuziyanika pamthunzi, zikauma muzipese. Ndikupatsirani kondakitala wa yoyamba kunyamuka.